Chilengezo: Tidzaphunzira Kutsatsa Malonda ndi Mawu Ojambula

Mamembala nonse, moni.

Tikukudziwitsani kuti pa msonkhano wathu wotsatira tidzaphunzira kutsatsa malonda pogwiritsa ntchito mawu ojambula. Mudzabwere ndi foni yochajidwa bwino, chifukwa aliyense adzajambula uthenga wake pomwepo.

Nkhaniyi tisaitenge mopepuka. Uthenga wa mawu umafika ngakhale kwa kasitomala amene kuwerenga kumamuvuta, kapena amene manja ake ali pa ntchito. Komanso sudya bandulo ngati vidiyo: mphindi imodzi ya MP3 wamba (mtundu wa fayilo ya mawu) imangokhala pafupifupi 1 MB.

Nthawi yambiri tidzaithera pa kajambulidwe, poti ambiri zimawasokonekera pamenepa. Chipinda chopanda katundu chimabweza mawu, pomwe cha makatani ndi zovala chimawamveketsa bwino. Foni isagunde pakamwa, ikhale chapambali pang'ono, kuti mpweya usamaphulike pa maikolofoni. Masekondi 30 ndi okwana: dzina la bizinesi, chomwe mukugulitsa, momwe angakupezereni, kenako dzina lija kachiwiri. Kubwerezako nkofunika, chifukwa womvera alibe poti ayang'anenso akaiwala.

Tidzaonanso Audacity, pulogalamu yaulere yodulira ndi kukonzera mawu pa kompyuta, ndi kukhudzako pang'ono za ma podcast (mapologalamu a mawu omvera pa intaneti).

Chonde, musaike nyimbo ya mwini wake popanda chilolezo. Ndi kuphwanya lamulo, ndipo Facebook ndi YouTube amatha kuizimitsa. Pa WhatsApp, tumizirani okhawo amene anavomera kulandira mauthenga anu.

Mudzabwere mutalemberatu papepala zomwe mudzanene.

Zikomo,
Komiti