Azimayi oyendetsa mabungwe tikupsa mbali zonse

Akonzi,

Ndiloleni ndipumireko m'nyuzipepala yanuyi. Ine ndimayang'anira kabungwe kothandiza atsikana kubwerera kusukulu, ndipo kunena zoona ntchitoyi ndimaikonda koma thupi latopa. Madona otipatsa thandizo la ndalama akufuna lipoti pofika Lachisanu, mwana akudwala malungo, kumudzi kwagwa maliro ndipo ukapanda kukagona kusiwa anthu amvekere ameneyu ndalama zamulowa m'mutu, kumvano nakonso akuti amayi inu mwasowatu. Anzathu aamuna akapita ku wekishopu ku Mangochi sabata yathunthu palibe amawafunsa kuti ana mwasiyira ndani. Ife funsoli timalimva ngakhale pa intavyu.

Chondiwawa kwambiri nchakuti mabungwe omwewa timalalikira m'midzi za Gender Equality Act ya 2013, lamulo loti pasakhale kusiyana pakati pa amayi ndi abambo, koma muofesi mwathu mayi akatenga tchuthi chauchembere, masabata 8 okha amene lamulo limapereka, foni siyipuma.

Abambo, kuyambira 2021 lamulo linakupatsani masabata awiri mwana akabadwa, atengeni mukachape matewera. Ndipo a CONGOMA, inu oyimira mabungwe omwe si aboma, chonde kambiranani ndi mabodi a mabungwewa kuti misonkhano izitha dzuwa lisanalowe, enafe timakafikiranso pamoto.

Mayi wotopa,
Area 25, Lilongwe