Eni shopu ya ma CD ku Limbe, bwezani K49,000 yanga

Ndalemba pano poyera chifukwa ku WhatsApp mukungowerenga mauthenga anga osayankha. Mwezi watha munaika chithunzi pa tsamba lanu lino kuti mwalandira chimbale cha Whitney Houston, The Greatest Hits, ndipo munalemba kuti ndi orijino. Ndinakutumizirani K35,000 pa Mpamba, uthenga wake ndikusunga. Ndinkagulira mayi anga, omwe akhala akukonda mawu a woimbayu kuyambira pa filimu ya The Bodyguard ya mu 1992.

Abwana, chimbale chimenechi chinatuluka mu 2000 ndipo muli ma CD awiri. Yoyamba ndi Cool Down, ya nyimbo zofatsa, yachiwiri ndi Throw Down, ya nyimbo zovina. Zimene munatumiza ndi CD imodzi yokha, yoyera mbee, yolembedwa ndi maka, pamwamba pepala lofotokopa lomwe utoto wake umatsalira m'zala. Nyimbo ya I Will Always Love You, yomwe mayi ankaiyembekezera, imadukira pakati n'kuyamba kujejema. Iwo anangozimitsa wailesi osalankhula kanthu.

Tsiku lina sabata yomweyo ndinajomba kuntchito, ndakwera minibasi kuchokera ku Zomba, K14,000 kupita ndi kubwera. Chimene chandiwawa kwambiri ndi mtsikana wanu wa pakauntala uja. Ndamupatsa moni, iye maso ali pa foni, chingamu chili m'kamwa. Ndafotokoza nkhani yonse mwaulemu, CD ili m'manja. Yankho lake linali loti, "Anti, nyimbo za makedzana ngati zimenezi ndani amagulabe? Kangozitsitsani pa YouTube." Kenako anatembenukira mnzake n'kuseka, pamaso pa makasitomala ena. Ndapempha kuonana ndi manijala, akuti atuluka. Ndapempha nambala, akuti saloledwa. Ine msinkhu wanga uno, kuima pakhomo ngati ndabwera kudzapemphetsa, pamene ndalama ndi zanga! Potenga K35,000 ija bwanji simunandiuze kuti nyimbozo ndi za makedzana?

Abale amene mukuwerenga, ndiuzeni ngati ndikulakwitsa. Masiku ano shuga ndi mafuta zili pamtengo wotani, munthu n'kudzimana kuti asangalatse kholo lake, kenako n'kusekedwa ndi mwana woti ndingamubereke.

Sindikufunanso CD ina kwa inu. Ndikufuna K35,000 ya chimbale ndi K14,000 ya thiransipoti, zonse K49,000, pa nambala yanga yomwe ndinagwiritsa ntchito potumiza ija. Likafika Lachisanu zisanalowe, ndipita ku CFTC, bungwe loteteza ogula, ndi risiti komanso chithunzi chanu cholembedwa orijino chija, ndipo CD yobena iyi ndikaisiya ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso, kuti abwere adzaone zina zimene zadzaza m'mashelefu mwanumo. Mukafufuta positi iyi, ndiyiikanso m'magulu onse a ku Limbe ndi ku Zomba.