Galimoto yolumikiza nokha pakhomo: musathamangire ku injini

Akonzi,

Tiloleni malo tilankhulepo pa magalimoto othamanga amene amagulitsidwa zidutswazidutswa kuti wogula akalumikize yekha kunyumba, otchedwa kit car. Mavidiyo ake ali mbwee pa YouTube, ndipo abale athu ena, makamaka okhala ku South Africa ndi ku Britain, ayamba kuwasirira. Mavidiyowo amathamangira kuonetsa tsiku loliza injini. Ife ogwira masipanala tikuti injini ndi gawo losavuta. Zimene zimagwetsa ntchitoyi, mwinanso kuvulaza mwini wake, ndi mabuleki, mapaipi a petulo, propshaft (chitsulo chozungulira chotenga mphamvu kuchokera ku giyabokosi kupita ku difu) ndi mapepala.

Ambiri mwa magalimotowa ndi zidzukulu za Lotus Seven, imene Colin Chapman adatulutsa ku England mu 1957. Masiku amenewo galimoto yogula yathunthu inkalipira msonkho wokwera pomwe ya zidutswa sinkalipira, n'chifukwa chake anthu ankalumikiza okha. Mu 1973 kampani ya Caterham idagula ufulu wopitiriza kuipanga, kenaka kudabwera makampani a Westfield komanso Birkin ya kufupi ndi Durban. Ndi kagalimoto ka anthu awiri, kolemera makilogalamu 500 mpaka 600, pafupifupi theka la Corolla.

Dziwani kaye chimene mukugula. Pali kit yathunthu, imene chilichonse mpaka nati yomaliza chimabwera chatsopano m'mabokosi. Imeneyo munthu wodekha amaimaliza m'maola pafupifupi 100. Pali ina imene amakupatsani chesesi, mikono ya mawilo ndi bodi basi, zotsalazo mukachotse pa galimoto yakale monga Ford Sierra kapena Mazda MX-5. Imeneyo muwerengere chaka kapena kuposera apo. Ndiye pali Locost, pomwe chesesi mumawotcherera nokha ndi machubu a 25 mm mbali zonse, okhuthala 1.6 mm. Njira imeneyi sitiilimbikitsa kwa woyamba kumene. Makina a ndodo owotcherera mageti amaboola chubu chopyapyala chotere, ndipo kutentha kumakoka chitsulo. Popanda tebulo losalala lomangirirapo machubu, chesesi imatuluka yopindika, ndipo galimoto yopindika chesesi imakokera mbali imodzi moyo wake wonse, muyike matayala okwera mtengo bwanji.

Mapepala ayambe inu musanatulutse ndalama. Ku Britain galimoto yotere imayenera kupambana mayeso a IVA, amene adayamba mu 2009. Oyesa amakana ngodya iliyonse yakuthwa imene ingacheke munthu, amafuna yozungulira pa 2.5 mm, ndipo phokoso la ekizozi lisapitirire ma decibel 99. Amafunanso malisiti ndi zithunzi zosonyeza kuti mudamangadi nokha, choncho jambulani ntchito yonse kuyambira tsiku loyamba. Wofuna kubweretsa kit kuno kumudzi apite kaye ku MRA, ku Road Traffic ndi kwa a inshulansi, afunse za msonkho, za kalembetsedwe ka nambala ya chesesi ndi za COF, ndipo mayankho awalandire olembedwa. Galimoto yakale yochotsapo zipangizo ikhalenso ndi mapepala ake, chifukwa nambala ya injini yosadziwika kochokera ndi mlandu wa kupolisi.

Pophwasula galimoto yakaleyo, tengani kompyuta ya injini, kiyi ndi kamphete kowerenga kiyi kamene kali pa swichi, zonse za galimoto imodzimodziyo. Mukasakaniza za magalimoto awiri, sitata izungulira mpaka batire kutha koma injini osalira. Pulagi iliyonse ya mawaya muimate kapepala ndi kulembapo dzina musanaizule.

Ndondomeko yake ndi iyi. Chesesi ikhale pa mastandi anayi ofika m'chiuno, osati pa njerwa kapena pa jeke. Choyamba kulowa ndi mapaipi a mabuleki, mapaipi a petulo ndi mtolo wa mawaya, chifukwa zonsezi zimadutsa mu kangalande kopapatiza ka pakati pa mipando. Kenaka difu. Malata a aluminiyamu a m'mbali amabwera pambuyo. Amene amayamba ndi malata pofuna kuti chinthu chioneke ngati galimoto msanga amadzaboola maliveti ake omwe kuti apeze polowetsa dzanja. Pomata malatawo, pakani sealant pakati pa aluminiyamu ndi chitsulo, poti zitsulo ziwirizi zikagundana pali chinyezi aluminiyamu amadyeka.

Bawuti iliyonse ya mamilimita ya ku miyendo ndi ku chiwongolero ikhale yolembedwa 8.8 kapena kuposa pamutu pake. Yopanda chilembo ndi ya pa chitseko cha khola. Mugule torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, musamangodalira mphamvu ya mkono: bawuti ya 8.8 ya M8 imafuna pafupifupi 25 Nm, ya M10 pafupifupi 50, ya M12 pafupifupi 85, pokhapokha buku la kit litanena zina. Nati za kapulasitiki m'kati zimamangidwa kamodzi kokha, ndipo mazinga awiri a bawuti azionekera kunja kwake. Chenjeraninso kuti makit a ku Britain amasakaniza mabawuti a mainchi ndi a mamilimita. Ya theka la inchi ndi 12.7 mm, imafanana ndi M12 m'maso, koma mukaikakamiza mazinga amaphwanyika. Bawuti iliyonse mukaimanga komaliza, ikani kadontho ka penti kolumikiza nati ndi chitsulo. Mabawuti a mabushi a labala okha musawamange kotheratu galimoto ili m'mwamba. Dikirani itsike, iime pa matayala ake. Mukamanga ili lende, labala amapotoka ikangotsika, ndipo amang'ambika pasanathe miyezi.

Pa mabuleki m'pofunika kudekha. Paipi yake ndi ya 4.75 mm, ndipo yabwino ndi ya mkuwa wosakaniza ndi nickel, chifukwa mkuwa wokhawokha umauma ndi kugwedezeka n'kuthetheka. Igwiridwe ndi makilipu osatalikirana kuposa 300 mm, isakhudze ngodya ya chitsulo paliponse. Kukamwa kwa paipi kumapindidwa mitundu iwiri, kwina kotukuka ngati kabowa, kwina kolowa m'kati, ndipo uliwonse uli ndi malo ake. Mukaika wolakwika sidontha pomwepo, imadikira tsiku loponda mwamphamvu. Cholakwika china chofala ndi kusinthanitsa ma caliper, zitsulo zopana disiki ya mabuleki, la kumanja kupita kumanzere. Amalowa bwinobwino, koma kabawuti kotulutsira mpweya kamathera pansi. Mpweya umakwera m'mwamba, ndiye mutha kupopa mpaka mwendo kutopa, malita awiri a fuluwidi kutha, pedulo ili fwafwafwa ngati siponji. Yang'anani kuti kabawutiko kali pamwamba, muyambe kutulutsa mpweya ku wilo la kutali kwambiri ndi master cylinder (pampu ya ku pedulo), mugwiritse fuluwidi ya DOT 4 ya m'botolo lotsegula kumene, ndipo musaisakanize ndi DOT 5. Chachikulu n'chakuti mawilo a kutsogolo azigwira a kumbuyo asanagwire. Mabuleki a kumbuyo ochokera pa galimoto yolemera amaposa mphamvu pa kagalimoto kopepuka chonchi, ndipo a kumbuyo akayamba kukhukhuluza, galimoto imatembenuka kuyang'ana komwe yachokera. Zikatero pamafunika valavu yochepetsa mphamvu yopita kumbuyo. Pedulo yolimba isakudabwitseni, ambiri mwa magalimotowa alibe booster, chothandizira mphamvu ya phazi poponda mabuleki.

Petulo naye ali ndi misampha yake. Kabuleta imafuna mphamvu yochepa, pafupifupi 0.2 bar, pomwe injini ya ma injector imafuna pafupifupi 3 bar. Paipi ya labala ya kabuleta mukaiika pa pampu ya ma injector imaphulika pafupi ndi ekizozi yotentha. Fufuzani yolembedwa SAE J30 R9. Kuno kwathu izi n'zofunika kawiri, chifukwa petulo wathu wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, ndipo ethanol amadya labala wamba mpaka kuchita ming'alu. Thanki ikhale ndi zotchinga m'kati kapena kathanki kena kosungira pang'ono, apo ayi pa kona petulo amathawira mbali imodzi, pampu n'kuyamwa mpweya, injini n'kutsamwa pomwe mukuifuna kwambiri.

Propshaft ya galimoto yakale imakhala yaitali, iyenera kufupikitsidwa. Apa ndi pomwe sitinyengerera munthu. Chitsulo chimenechi chimazungulira maulendo zikwi zingapo pa mphindi, pambali penipeni pa ntchafu ya woyendetsa, ndipo chokulekanitsani ndi kalata kopyapyala. Musachidule ndi grinder n'kuwotcherera pakhonde. Chipite kwa amisiri okhala ndi makina oyezera kuti chikuzungulira mosapendama, mitanda ya mbali ziwirizo iyang'ane kumodzi, ndipo mu ngalandemo muikemo mphete ziwiri za chitsulo zochigwira chitaduka.

Injini ikalowa, mudzapeza kuti sampu ya oilo ndiyo yatsikitsitsa, nthawi zambiri osafika 100 mm kuchokera pansi. Pa mahampu a m'matauni mwathu imeneyo ndi dzira. Amene amaifupikitsa aziikulitsa m'mbali kuti oilo asachepe, aikemo zotchinga, afupikitsenso paipi yoyamwira oilo. Rediyeta nayo imakhala pa mphuno, mmunsi kuposa mutu wa injini, choncho mpweya umatsekeredwa pamwamba, geji n'kumaonetsa bwino pomwe mutu ukupsa. Kabotolo ka madzi kakhale pamalo okwera kuposa paliponse, ndipo mipata ya m'mbali mwa rediyeta itsekedwe kuti mphepo idutse m'kati mwake, isalambalale. Kutentha kwa Okutobala ku Chikwawa sikufanana ndi kwa ku England kumene makitwa adayesedwa.

Za magetsi tinene ziwiri zokha. Bodi ya fibreglass sidutsa magetsi, ndiye nyale iliyonse imafuna waya wakewake wa earth wobwerera ku chesesi. Ndipo pakati pa injini ndi chesesi pakhale lamba wokhuthala wa earth, womangidwa pa chitsulo chopalidwa penti. Mukamuiwala, moto wonse wa sitata umadzera mu kebulo ya akiseleta kapena ya kilatchi, n'kuifiiritsa mpaka kusungunuka.

Kuwongola mawilo kumatheka ndi ulusi ndi tepi: mangani ulusi mbali zonse ziwiri molingana, muyeze kutsogolo ndi kumbuyo kwa rimu, a kutsogolo alowe m'kati pang'ono, 1 mpaka 2 mm. Chiwongolero chizibwerera chokha pakati mukatuluka pa kona. Ngati sichibwerera, onani mikono ya pamwamba, mwina yaikidwa chotembenuza. Mpweya wa m'matayala ndi pafupifupi 1.3 bar basi. Pa filing'i siteshoni adzakupoperani 2.2 mwachizolowezi, ndipo galimoto idzayamba kudumphadumpha ngati mpira.

Tsiku loliza lija likafika, itulutseni panja, chozimira moto chili pafupi. Chotsani mapulagi ndi fyuzi ya pampu ya petulo, muzungulitse sitata mpaka nyale ya oilo itazima. Bwezerani zonse, tsegulani kiyi osaliza, muyendetse chala pa cholumikizira chilichonse cha petulo kuona ngati panyowa. Ulendo woyamba ukhale pa bwalo lopanda anthu, kuyesa mabuleki pa liwiro la 30 kenaka 50. Mukayenda makilomita 150 oyamba, ikwezeninso pa mastandi, muone madontho a penti aja limodzilimodzi. Pomwe dontho lasiyana, bawuti yayenda.

Amakanika odera nkhawa,
Blantyre