Kuthira dothi pachithaphwi sikuthetsa vuto la madzi kuseri kwa nyumba

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi eni nyumba m'madera ngati Mtandire, Area 25 ndi Ndirande, kumene mvula ikangogwa kuseri kwa nyumba kumasanduka dziwe. Ambiri amakhuthulira mawilibala awiri a dothi pachithaphwi n'kumati athana nazo. Madziwo amangosuntha, ndipo kawirikawiri amasunthira kukhoma. Khoma la zidina kapena la njerwa zomangira matope likamwa madzi m'munsi limafewa, mpaka kugwera anthu ali mtulo. Nawo udzudzu, kunja kukamatentha, umangofuna masiku 7 mpaka 10 kuti dzira lisanduke udzudzu wouluka.

Gwero la vutoli nthawi zambiri ndi denga. Nyumba ya mamita 10 mbali zonse, ikagwa mvula ya mamilimita 25, malata ake amakhuthula malita 2,500, kuposa migolo 12 ya malita 200, ndipo onsewo amagwera m'tsinde mwa khoma. Ikani gatala kuti madziwa apite mumgolo wovundikira kapena mungalande. Dothi lozungulira nyumba litsetsereke kuchoka kukhoma, masentimita 5 pa mita iliyonse kwa mamita awiri oyamba, ndipo mulitsendere bwino.

Musanakumbe chilichonse, yesani nthaka yanu. Kumbani kadzenje ka masentimita 30, mudzazemo madzi, akaphwa mudzazenso. Madzi achiwiriwa akatha m'maola ochepa, nthakayo imamwa, ndipo dzenje lomwetsa madzi likuthandizani. Likhale mita imodzi uku ndi uku, lakuya mita imodzi ndi theka, lodzaza miyala ikuluikulu kapena zidutswa za njerwa zowotcha. Litalikire nyumba ndi mamita 5, ndipo kuchitsime litalikire ndi mamita 30. Pafupi ndi chimbudzi chokumba ayi ndithu, chifukwa dothi likanyowa chimbudzicho chimatitimira kapena kusefukira, ndipo tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023.

Koma mukapeza madzi akadali m'kadzenje kaja mawa lake, ndiye kuti muli pamakande kapena padambo. Pamenepo dzenje n'kutaya mphamvu chabe, lidzangokhala chitsime cha udzudzu. Madziwo muwatulutse papoloti.

Kumbani ngalande ya masentimita 30 m'lifupi ndi 50 kuya kwake, kuyambira pomwe pamadikha madzi kukafika kungalande ya kumsewu. Itsike sentimita imodzi pa mita iliyonse. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa poyeza ndi maso. Khomani zikhomo, kokani chingwe, ndipo gwiritsani ntchito kapaipi kowonekera mkati kamene amisiri amathiramo madzi poyeza levulo. Pansi yalani matumba obowolabowola kuti dothi lisalowe m'miyala, thirani kwale wosasakaniza ndi fumbi masentimita 10, kenaka goneketsani paipi ya PVC ya mamilimita 110 yobowoledwa. Mabowo ayang'ane pansi. Madzi amakwera kuchokera pansi pa ngalande, choncho mabowo akayang'ana kumwamba paipi imachedwa kulandira madzi komanso imadzaza matope. Kwirirani ndi kwale, pindirani matumba aja pamwamba, n'kumalizira ndi mchenga. Ngati paipi yakudulirani, ngalande yotsegula ya njerwa ndi simenti imagwira ntchito bwino, bola muzichotsamo majumbo ndi masamba.

Madzi akubafa ndi otsukira mbale musawaphatikize ndi amvula. Sopo ndi mafuta zimamata nthaka, dzenje n'kusiya kumwa. Amenewa akhale ndi kadzenje kawo, ndipo nthochi zingapo pambali pake zimathandiza kuumitsa malowo.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi mipanda ya njerwa yomangidwa popanda potulukira madzi. Mpanda wotero ndi damu, ndipo tsiku lina umagwera kwa aneba. Siyani mabowo m'mzere wapansi wa njerwa kumbali yotsika, koma mukambirane kaye ndi a kumunsi kwanu kuti ngalande zanu zilumikizane mpaka kumsewu.

Mvula ikamagwa mwamphamvu, tulukani ndi ambulera mukhome zikhomo momwe madzi akudutsa ndi pomwe akuima. Kukumbako mudzachite nthaka ikauma, motsata zikhomozo.

Mmisiri wa zomangamanga,
Lilongwe