Kwa makasitomala athu: galimoto za kamera zizigona pa galaja tikasintha galasi

Mabwana ndi madona athu nonse, moni kuchokera pa galaja yanu pano pa Kasungu boma.

Tati tikulembereni kamodzi nonse mmalo momakokana pageti mmodzimmodzi, chifukwa nkhaniyi ikukhudza nthawi yanu komanso thumba lanu. Kuyambira pa 1 mwezi wa mawa, galimoto iliyonse yomwe ili ndi kamera pagalasi lakutsogolo kapena rada kuseli kwa chizindikiro chakumaso kuja, tikaisintha galasi kapena kumasula bampala siizituluka tsiku lomwelo ayi. Izigona. Mukabwera nayo mmawa muzidzaitenga mawa lake masana, ndipo pa lisiti muzipeza kandalama kena ka calibration, komwe ndi kuwongola diso la kamera lija kuti lizipenya pakati penipeni pa msewu. A ma Probox akale, ma Carina ndi ma Hilux a fodya aja musade nkhawa, kwa inu palibe chasintha, galasi tiziika inu mukudya chipisi panja ngati kale.

Ngati simukudziwa kuti yanu ili mbali iti, suzumirani kuseli kwa kagalasi koonera kumbuyo kaja, mukaona kabokosi kakuda komatidwa pagalasi ndiye ndi yomweyo. Toyota anayamba kuyika zimenezi mu 2015, amazitcha Toyota Safety Sense, nde ma Axio, Fielder, Aqua, Vitz ndi Sienta ambiri a kuyambira chaka chimenecho amabwera nazo. Honda ali ndi yawo Honda Sensing, timagalimoto ta Daihatsu monga Mira ndi Move tili ndi Smart Assist, Subaru EyeSight ili ndi makamera awiri ngati maso a munthu. Ndipo ku Japan kuyambira November 2021 lamulo likuti mitundu yatsopano ya galimoto izituluka kufakitale ili ndi buleki yodziponda yokha, kutanthauza kuti ma ex-Japan omwe azilowa pa Songwe zaka zikubwerazi ambiri akhala otere, tifune tisafune.

Tinene chilungamo, chomwe chatisinthitsa ndi manyazi omwe tinawaona dzinja lathali. Bambo ena ogula soya ndi mtedza cha ku Santhe anabwera ndi Fielder yawo galasi litang'aluka ndi mwala, ife tinapeza galasi lotchipa lopanda kogwirira kamera, mnyamata wathu anangomatula ka pagalasi loswekalo nkukamata ndi guluu pa latsopanoli, kuyeza ndi maso basi. Pa dashibodi sipanayake kanthu, tinagwirana chanza, bambo aja ulendo. Patatha masiku atatu anatulukira osapereka ndi moni yemwe. Akuti galimoto imangolira kuti atuluka mu laini iwo ali pakati pawo, ndipo tsiku lina pa M1 cha ku Chinkhoma, pakona, lole ikubwera mbali yake bwinobwino, dashibodi inangofiira galimoto nkugwira buleki yokha minibasi ili pamsana pawo. Mulungu yekha, palibe chinagundana. Tinawabwezera ndalama, galimoto tinaipititsa ku Lilongwe pa thumba lathu, ndipo amene anaiwongola kumeneko anationetsa kuti kamera inali itapendeka pang'ono kwambiri, kupendeka koti ndi diso simungakuone. Zili ngati tochi usiku, mukangopotoza dzanja pang'ono pano, kutsogolo uko kuwala kwachoka mumsewu kwalowa mmunda mwa eni.

Nde tagula kompyuta yoyenera ndi mabolodi ake, tawaka simenti yosalala kuseli kwa shedi ija. Ntchito yake ndi ya chidodo, sitinama. Guluu wa galasi ayambe wauma kaye, matayala akhale ndi mpweya woyenera, ku buti kukhale kopanda katundu, kenako timakoka chingwe kuchokera pakati pa galimoto kumbuyo mpaka kutsogolo, kuyeza ndi tepi pomwe bolodi iyime, ndiye kompyuta nkuiuza kamera kuti pakati ndi apa. Mitundu ina imafunanso kuti tiyende nayo pa tala pomwe mizere ikuoneka bwino kuti imalize kuphunzira. Magetsi akathima pakati pa ntchito timayambiranso. Ndi chifukwa chake tikuti izigona.

Ena mwatifunsa kale kuti kodi tizinthu timeneti nta phindu lanji kuno kwathu, si tongodyera anthu ndalama? Ife mmene tikuonera phindu lilipo. Galimoto zambiri zomwe timawongola kumaso kuno sizinagunde pa liwiro lalikulu ayi, ndi zija zoti munthu ali mtauni cha kumsika, wakutsogolo waima mwadzidzidzi kutsitsa munthu, iye maso ali pa foni kapena watembenuka kukalipira ana kumbuyo. Pamenepo ndi pomwe kabokosi kaja kamagwira ntchito, kamalira, mukaponda buleki mofooka kamawonjezera mphamvu, mukapanda kuponda kamaponda kokha. Kaja kolira mukamatuluka mu laini kadzutsapo anthu ambiri osinza pochoka ku Lilongwe usiku, ndipo masensa a pabampala ndi kamera ya rivesi zimakuonetsani chitsa kapena mwana amene pagalasi simukanamuona.

Koma apa mpomwe timasiyana ndi ogulitsa galimoto ena omwe amauza anthu kuti iyi bwana siigunda. Imagunda. Safety Sense yoyamba ija ya mu Axio ndi Aqua buleki yake imagwira pa liwiro la pakati pa 10 ndi 80 km pa ola, ndipo imachotsako pafupifupi 30 yokha, nde werengani nokha, mukabwera pa 80 kupeza lole yaima mufikabe pa iyo muli cha mma 50, ndipo 50 imapha. Komanso ya zaka zoyambirirazo inapangidwa kuti izizindikira kumbuyo kwa galimoto inzake, munthu woyenda pansi simuona, zatsopanozi ndi zomwe zimaona anthu ndi njinga, nazonso usiku ndi pamvula zimavutika. Mbuzi ya pa Chatoloma yodumpha kuchokera mu udzu musayembekezere kuti kompyuta ikupulumutsirani. Ngolo ya mabelo yopanda chonyezimira madzulo nyengo ya msika wa fodya, chimodzimodzi.

Za laini zija zimafuna mizere yooneka ndipo pa Toyota zimayamba kugwira mukadutsa 50. Pomwe penti inafufutika, kapena mwangosiya tala kulowa msewu wafumbi wa kumudzi, kamera ilibe chowerenga, imangokhala duu osakuuzani. Fumbi la October lomwe mumalitsatira kumbuyo kwa lole, chimvula cha January, dzuwa lamadzulo likamakulasani mmaso pa msewu wa ku Mchinji uja, zonsezi zimaichititsa khungu ngati mmene zimakuchitirani inuyo. Palinso aka ka magetsi kodzitsitsa kokha, kamadikira kuona nyali ya mnzanu ndiye katsitse, tsono wakabaza wopanda nyali kamangomuthira fulu mmaso mpaka alowe kudzenje, chonde pamenepo muzitsitsa nokha. Ngakhale ABS yomwe tinaizolowera kale, ija yoletsa matayala kuloka mukaponda buleki mwamphamvu, pa tala wonyowa ndi yabwino zedi chifukwa mumatha kukhota uku mukuponda, koma pa miyala ndi mchenga galimoto imatha kuyenda kamtunda kotalikirapo isanaime.

China chomwe chasintha, ndipo tikudziwa ena mukwiya nacho, ntchito yozula mawaya a kamera kapena kumata tepi yakuda pa kanyali ka pa dashibodi taisiya. Tinkachita, inde, munthu akati zikundisokosa. Koma galimoto zimagulitsidwa, mawa aigula mayi ena akuganiza kuti buleki ija ilipo pomwe ife tinaipha kalekale, mlandu umenewo sitiufuna. Ngati kulirako kwakutopetsani bwerani tikuonetseni mabatani ake ulele, tikumasulireniko ndi Chijapani cha pa sikilini chija, mutha kuchepetsa kuti isamafulumire kulira kapena kuzimitsa mukamalowa mu udzu wautali kumunda. Pa ma Toyota ambiri buleki yodziponda ija mukaizimitsa imadzayakanso yokha mukalizanso injini, si kuwonongeka ayi, anaipanga choncho dala.

Magalasi otchipa opanda kogwirira kamera sitiyikanso pa galimoto zimenezi, ngakhale mutabwera nalo nokha. Loyenera timaitanitsa ku Lilongwe, nde muzitiuza kukadali masiku awiri kapena atatu ndi kadipoziti, mtengo tiziuzana tsiku lomwelo poti mmene zinthu zikukwerera masiku ano tikalemba pano tikhala tanama. Walira mvula walira matope, galimoto zamakonozi nzokoma koma zili ndi zake.

Mukamabwera tsitsani matumba a chimanga ku buti. Zomata za inshuwalansi ndi COF muziika mmunsi kumbali, kutali ndi kabokosi, ndipo chitinti chakuda chapamwamba cholembedwa mawu chija chisadutse pamaso pa kamera. Amene munaika bull bar, kapena munakweza galimoto ndi kuika matayala akuluakulu chifukwa cha misewu yathuyi, tiuzeni poyamba chifukwa zimenezonso zimasokoneza kapenyedwe kake. Ndipo amene tinakusinthirani galasi chaka chathachi pa galimoto ya kamera, bwerani nayo tsiku lililonse kupatula Loweruka, tiyiyeza osakulipiritsani, lisiti ikasowa musavutike tili ndi buku lathu.

Zikomo kwambiri,
Ndife anu a pa galaja, Kasungu.