Thandizo lakunja kwa omenyera ufulu a ku China

Akonzi,

Ndiloleni ndithirepo ndemanga pa ndalama zomwe maboma akunja amapereka kwa omenyera ufulu a ku China. Bungwe la National Endowment for Democracy, lomwe linayamba mu 1983 ndipo limadalira nyumba ya malamulo ya America, lakhala likuthandiza World Uyghur Congress, bungwe la ku Munich, m'dziko la Germany, lomenyera ufulu wa mtundu wa a Uyghur a ku China. Boma la Beijing limati uku n'kulowerera za eni, ndipo lamulo la chitetezo la ku Hong Kong la 2020 limatsekera m'ndende ogwirizana ndi akunja.

Nanga omenyera ufuluwa kwawoko angapemphe kwa yani? Wothandiza poyera amaika moyo pachiswe. Komabe kudalira thumba limodzi kumandiopsa: mu 2025 boma la Trump litadula ndalama za Radio Free Asia, wailesi youlutsira nkhani maiko a ku Asia yomwe inkadalira ndalama za boma la America, antchito ake ambiri anachotsedwa.

Wowerenga wanu,
Zomba