Khobidi lisamagamule masewero a NFL

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za mpira wa ku America, uja wooneka ngati dzira, umene osewera ake amavala zisoti zolimba. Ambiri kuno sautsatira, ndikudziwa, koma ife ochepa amene timasiya tulo pakati pa usiku kuti tiuonere tili ndi chotiwawa. Nkhani yake ndi momwe bungwe la NFL, loyendetsa ligi yaikulu ya mpirawu, limapezera wopambana matimu akalepherana.

Pa 23 Januwale 2022, kuno kuli kale mbandakucha wa pa 24, ndinali pa mpando ndi bulangete m'miyendo, kanema nditatsitsa mawu kuti ana asadzuke. Buffalo Bills imasewera ndi Kansas City Chiefs m'ndime yachipulula. Mphindi ziwiri zomaliza zokha matimu awiriwa anagoletsa mapointi 25. Kutatsala masekondi 13, Josh Allen wa Bills anaponyera Gabriel Davis mpira wa touchdown (kufikitsa mpira m'dera logoletsera kumapeto kwa bwalo), wachinayi wa Davis usiku umenewo, Bills n'kutsogola 36 kwa 33. Patrick Mahomes wa Chiefs anaponya mipira iwiri yokha, Harrison Butker n'kumenya field goal (kumenya mpira ndi phazi kuti udutse pakati pa mizati, mapointi atatu), zinthu n'kukhala 36 kwa 36. Woyimbira anaponya khobidi m'mwamba kuti aone timu yoyamba kutenga mpira m'nthawi yowonjezera, mmene touchdown ya timu yoyambayo inkathetsa masewero. Allen anatchula mbali imodzi, khobidi linagwera inayo. Chiefs inatenga mpira, inayenda mayadi 75, Travis Kelce anaulandira pakona, masewero n'kuthera pomwepo, 42 kwa 36. Allen, amene anasewera mosalakwitsa usiku wonse, anaonerera zonsezo ali pa benchi osaukhudzanso mpira. Atambala akulira, ine ndinali ndidakali pa mpando paja, mtima ukuwawa ngati timuyo ndi yakumudzi kwathu.

Ena adzati nanga si chimodzimodzi ndi lamulo la golden goal limene tinali nalo mu mpira wamiyendo, loti woyamba kugoletsa m'nthawi yowonjezera wapambana? Tonse tikukumbukira Henri Camara akutulutsa Sweden mu 2002, Senegal n'kudzatulutsidwa ndi Turkey mwanjira yomweyo patangopita masiku ochepa. Koma mu mpira wathu, mpira umasintha mwini kangapo pa mphindi imodzi, ndipo woyamba kuukhudza sapindula kanthu. Mu mpira wa ku America timu imene ili ndi mpira imaukhalira, imapatsidwa mwayi kanayi kuti iyende mayadi 10, ikakwanitsa imayambiranso kuwerenga. Owukira ndi otchinga ndi magulu awiri osiyana, moti katswiri wa timu inayo amakhala kunja kwa bwalo nthawi yonseyo. Ngakhale golden goal yomweyo akuluakulu a mpira anaithetsa mu 2004.

NFL yakhala ikusoka chigamba pamwamba pa chigamba. Nthawi yowonjezera inalowa m'masewero a ligi mu 1974, woyamba kugoletsa ndiye wapambana. Mu Januwale 2010 New Orleans Saints inapambana khobidi, inasendera pang'ono, Garrett Hartley n'kumenya field goal, Brett Favre wa Minnesota Vikings osaugwira mpira. Chaka chomwecho anasintha kuti field goal yoyamba isamathetse masewero achipulula, koma touchdown inasiyidwa momwemo. N'chimene chinadya Atlanta Falcons mu Super Bowl, masewero omaliza olimbirana chikho cha NFL, ya mu Febuluwale 2017, n'chimenenso chinadya Chiefs yomweyo mu Januwale 2019 pamene Tom Brady anaguba ndi New England Patriots mpaka kumapeto, Mahomes akungoyang'ana. Chiefs inapempha kuti lamulo lisinthe, eni matimu anzawo sanamve. Kuyambira 2010 kufikira usiku wa Allen uja, masewero achipulula 11 anafika m'nthawi yowonjezera. Opambana khobidi anapambana 10, ndipo 7 mwa amenewo anatha timu inayo isanaugwire n'komwe. Mu Malichi 2022 ndi pamene anavomera kuti m'ndime yachipulula matimu onse awiri azipatsidwa mpira, ndipo mu 2025 lamuloli linafika ndi m'masewero a ligi.

Anthu ambiri anati basi nkhani yatha. Ine ndikukana, ndipo n'chifukwa chake ndalemba.

Khobidi likugamulabe, langosintha mbali. Tsopano wodala ndi amene atenge mpira kachiwiri, chifukwa amalowa m'bwalo akudziwa chimene akufunika. Ngati anzake agoletsa touchdown, iye sangataye mpira poumenya kutali pa mwayi wachinayi monga zimakhalira kawirikawiri, amalimbikira mpaka mapeto. Ngati anzake alephera, field goal yokha yamukwanira. Tinaziona ku Las Vegas mu Febuluwale 2024. San Francisco 49ers inapambana khobidi n'kusankha kuyamba, inapeza mapointi atatu okha. Mahomes analowa akudziwa zonse, pa mwayi wachinayi anathamanga yekha ndi mpira m'malo moutaya, ndipo pamapeto anaponyera Mecole Hardman, 25 kwa 22. Mphunzitsi wa 49ers Kyle Shanahan anafotokoza kuti ankafuna kudzakhala ndi mpira kachitatu, pamene wogoletsa aliyense wapambana. Maganizo ake si opusa, koma a Chiefs ananena kuti zikanafika potero akanayesa mapointi awiri pambuyo pa touchdown kuti kachitatuko kasafike. Chomvetsa chisoni china n'chakuti osewera ena a 49ers anavomera poyera kuti lamulo latsopanolo sankalidziwa bwino. Lamulo limene wosewera wa mu Super Bowl salimvetsa, ndiye kuti lachuluka zigamba.

M'masewero a ligi muli vuto linanso. Mu 2017 anadula nthawi yowonjezera kuchoka pa mphindi 15 kufika pa 10, ati poteteza matupi a osewera, ndipo mpaka pano ndi 10. Timu yoyamba ikhoza kuyenda mwachidodo dala, kudya mphindi zisanu ndi ziwiri kapena kuposa, inzake n'kutsala ndi nyenyeswa. Mu Seputembala 2025 Dallas Cowboys ndi Green Bay Packers anagoletsa field goal imodzi aliyense, nthawi n'kutha, 40 kwa 40. Kulepherana mu ligi sikundivuta ine, tinakuzolowera mu mpira wathu. Chondivuta n'kulonjeza mwayi wofanana pamene wotchi ikukondera mmodzi.

Njira yabwino ilipo, ndipo inaperekedwa kale. Mu 2021 Baltimore Ravens inapempha kuti timu imodzi izisankha malo amene mpira uyambire, inayo izisankha ngati ikufuna kuwukira kapena kutchinga. Nditamva zimenezi ndinakumbuka amayi anga atatipatsa nzimbe imodzi ine ndi mng'ono wanga. Ankati wothyola asasankhe. Ndinkayeza mfundo ndi zala, kuyang'ana kumtunda kosatsekemera ndi kutsinde kokoma, chifukwa ndikathyola mokondera, gawo labwinolo limapita kwa mng'ono wanga. Palibe tsiku tinakanganapo. Momwemonso timu yosankha malo singauike mpira pafupi ndi pogoletsera, anzake angoutenga. Singauikenso kutali kwambiri, anzake angowasiyira okha kuti avutike nawo. Idzafunafuna malo amene mbali zonse ziwiri zikulemera mofanana, poyang'ana mphepo ya tsikulo, kutopa kwa otchinga ake ndi mkono wa quarterback (woponya mpira) wa anzawo. Khobidi likhoza kuponyedwa ndithu, koma silipatsa aliyense mphatso. Eni matimu anaikana njirayi.

Sindikupempha kuti atengere za m'makoleji, kumene timu iliyonse imayambira pa mayadi 25 kuchokera pogoletsera mosinthana. Kumeneko Texas A&M ndi LSU anafika pa 74 kwa 72 mu 2018 atabwereza kasanu ndi kawiri, ndipo masewero ogundana chonchi sayenera kukokedwa mpaka anthu kuthyoka. Pempho langa kwa eni matimu 32 aja n'lakuti pa msonkhano wawo wa chaka ndi chaka aibweretsenso nzeru ya Ravens, ayambe kuiyesa m'masewero okonzekera ligi kapena a ligi momwemo, ndipo kumene onse awiri alonjezedwa mpira abwezeretse mphindi 15.

Ine wanu wowerenga,
wa ku Zomba